Kuchekenira ndi Zala za Mwana: Mafunso ndi Mayankho kwa Makolo ndi Alezi

Ndine mlezi pa sukulu ina ya mmera mpoyamba kuno ku Mulanje, kumunsi kwa phiri. Ana ena amene ndinawalandira asanathe n'kudzipukuta mamina ali ku sekondale tsopano. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo amandifunsa akabwera kudzatenga ana masana, ena pa msonkhano wa komiti, ena tikakumana pamsika wa Chitakale. Ndawalemba monga momwe amandifunsira.

Amayi, ife tinatumiza mwana kuti akaphunzire kulemba. Bwanji tsiku lililonse akubwera ndi pepala lochekenira m'malo mwa a, e, i, o, u?

Funso ili ndimalimva kuposa ena onse, ndipo ndimalimvetsa. Kholo limene lachedwa kumunda chifukwa choperekeza mwana limafuna kuona zilembo. Koma chilembo chimalembedwa ndi dzanja, ndipo dzanja la mwana wa zaka zitatu silinakhwime.

Taonani anthu othyola tiyi m'minda ya ku Lujeri kapena ku Satemwa. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zimatsina masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri ali pa ntchito, maso ali kale pa nsonga yotsatira. Munthu amene wangoyamba kumene amathyola mochedwa, amafinya masamba, ndipo pofika masana zala zake zimakhala zitauma gwaa. Tsamba loyenera amalidziwa bwinobwino, koma zala sizinazolowere. Mwana akagwira pensulo koyamba amakhala ngati munthu ameneyu.

Thupi la mwana limayamba kulimba pafupi ndi chifuwa, mphamvu n'kumatsikira kunsonga: phewa, kenako chigongono, kenako mfundo ya dzanja, zala n'kumalizira. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8. Mwana akamabadwa timakhala tikadali tofewa, ndipo timauma kamodzikamodzi pa zaka zambiri, komaliza n'kudzayamba kuuma mwana ali kale ku pulayimale. Ndiye tikamukakamiza wa zaka zitatu kuti adzaze tsamba lonse ndi zilembo zing'onozing'ono pakati pa mizere iwiri, tikumusenzetsa mtolo wa nkhuni khosi lisanalimbe. Amalemba ndithu chifukwa choopa, koma amafinya pensulo mpaka zala kuyera, amatopa, ndipo ena amayamba kudana ndi kope asanaone n'komwe khomo la Sitandade 1.

Kuchekenira kumapatsa dzanja ntchito ya msinkhu wake. Mwana akamadzaza chithunzi cha chinanazi, zala zikuphunzira kufinya mosapyola muyeso kuti pepala lisabooke. Dzanja likuphunzira kuima pamene diso lanena kuti apa ndi pamalire. Dzanja linalo likuphunzira kugwira pepala kuti lisathawe. Ndipo mwanayo akuphunzira kukhala pa ntchito imodzi mpaka ithe. Chilembo "a" ndi kozungulira kokhala ndi kamzere pambali. Mwana amene wazunguliza lalanje kambirimbiri, n'kutsitsa mizere ya mvula kuchokera kumtambo kufika pansi, mbali zonse za chilembocho ali nazo kale m'zala.

Palinso ichi. Mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi oyambirirawa amadzaza kwambiri. Mphunzitsi sangathe kugwada pambali pa mwana aliyense n'kumuona kagwiridwe. Nthawi yoti munthu wamkulu ayang'ane zala za mwana mmodzi modekha ndi ino, ali kwathu kuno ndi kunyumba kwanu.

Ayambe ali ndi zaka zingati?

Akangoyamba kuyenda n'kumatola khala pansi, wayamba kale. Pa miyezi 9 mpaka 12 mwana amayamba kutola tinthu ting'onoting'ono ndi zala ziwiri. Pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka amagwira ndi nkhonya n'kumakhwatcha, mkono wonse ukuyenda kuchokera paphewa. Pa zaka ziwiri amatsanzira mzere mukamulembera akuona. Pa zaka zitatu ambiri amatha kujambula chozungulira. Pa zaka 4 amajambula mtanda ndiponso munthu wokhala ndi mutu, miyendo ndi manja, ndipo amagwira ndi zala osati ndi nkhonya. Chinthu cha ngodya zinayi chimabwera pakati pa zaka 4 ndi 5, cha ngodya zitatu pa zaka 5 kapena 6, chifukwa mzere wopendekeka ndi wovuta kuposa woima ndi wogona.

Zakazi musazitenge ngati lamulo la kukhoti. Ana awiri obadwa mwezi umodzi amasiyana. Chimene ndimayang'ana ine ndi chakuti mwana akupita patsogolo, osati kuti wafanana ndi wa a neba.

Mwana wanga amagwira chekeni ngati mthiko. Ndizimukonza?

Ngati ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu, musiyeni. Kagwiridwe kameneko ndi ka msinkhu wake.

Ngati wapitirira zaka 4 akugwirabe ndi nkhonya, musamumenye padzanja, ndipo musamupinde zala mokakamiza. Thyolani chekeni. Ndikudziwa kuti zimapweteka mtima kuthyola chinthu chimene mwagula kumene, koma kachidutswa kofanana ndi mfundo imodzi kapena ziwiri za chala chanu sikalowa m'nkhonya. Mwana amakatsina yekha ndi chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, popanda womuuza. Ine ndikalandira paketi yatsopano ndimayamba ndathyola onse pakati, ena patatu, n'kuchotsa kapepala kokulungira. Ana amagwira bwino, komanso machekeni amakwanira ambiri.

Njira ina ndi kumupatsa kanjere kakakulu kapena kathonje kuti apanire m'chikhatho ndi zala ziwiri zomalizira pamene zitatuzo zikuchekenira. Amatenga ngati masewera obisa chuma. Izi ndi za ana okulirapo amene anasiya kuika zinthu m'kamwa.

Ndipo kwezani pepala. Khomani katoni pakhoma molingana ndi maso ake kuti achekenire ataimirira. Dzanja likamagwira ntchito pakhoma, mfundo yake imapindikira m'mwamba yokha, momwe imafunikira polemba, ndipo phewa limalimba. Tsiku lina agone chafufumimba pamphasa, atatsamira zigongono, pepala lili kutsogolo. Desiki si yofunika pa msinkhu uwu.

Amangotuluka kunja kwa mizere, chithunzi chonse n'kuipa. Ndimugwire dzanja?

Ayi, chonde. Apa ndimalimbikira kwambiri.

Ndinalakwitsapo ndekha m'zaka zanga zoyamba. Tinkayembekezera alendo, ndipo ndinkafuna mapepala okongola opachika pachingwe. Ndinagwira dzanja la kamtsikana kena n'kumayendetsa ndekha mpaka nkhuku inatuluka yosalala. Mawa lake nditamupatsa pepala anangotambasula dzanja kuti ndimugwire. Anali ataphunzira kuti dzanja lake palokha silokwanira. Zinanditengera milungu kuti ayambenso kukhwatcha yekha. Chithunzi chimene chatuluka bwino chifukwa cha dzanja lanu chalimbitsa zala zanu, za mwana zinangokwera nawo.

Mwana wosakwana zaka zitatu malire sawaona n'komwe ngati chinthu choti asamale. Ambiri amayamba kukhala m'kati mwa mizere pakati pa zaka 4 ndi 5. Chimene mungachite ndi kusintha chithunzi. Jambulani chinthu chimodzi chachikulu chodzaza pepala, monga dzungu, mzere wake ukhale wonenepa ngati chala. Mukhozanso kumata chingwe cha khonje kapena ulusi wokhuthala m'mphepete mwa chithunzi ndi phala la chinangwa. Likauma, chekeni chikafika pamenepo chimagunda, ndipo dzanja limamva malire diso lisanawaone. Pakapita miyezi chepetsani kukula kwa chithunzi, mzere n'kumaonda.

Poyamikira, nenani chimene mwaona. "Apa wadzaza mpaka m'ngodya" kumamuphunzitsa kanthu kuposa kungoti "wakhoza".

Machekeni ndi mabuku ochekenira ndi odula. Ife ochepekedwa titani?

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, katoni yathu ya zipangizo inanyowa yonse, mapepala n'kusanduka phala. Tinayambiranso ndi zimene zinali pabwalo, ndipo zambiri mwa izo sitinazisiye mpaka lero ngakhale machekeni anapezekanso. Miyezi imeneyo ana ankangojambula madzi, miyala ndi nyumba. Ndinkawasiya, chifukwa zina zimene sankatha kuzinena pakamwa zinkatulukira pamenepo.

Dera lathu lino utoto tikuupondaponda. Dothi la katondo la ku Thyolo ndi Mulanje limene limatidetsa zovala nthawi ya dzinja ndi utoto wofiira wabwino zedi. Lisefeni, thirani madzi pang'ono, onjezani kasupuni ka phala la ufa wa chinangwa kuti limate papepala. Makala opera amapereka wakuda, dothi loyera limapereka woyera. Agogo amene amazira nyumba ndi mtsiro n'kukongoletsa khoma ndi mitundu iwiri itatu amadziwa kumene dothi lililonse limapezeka, afunseni. Masamba a tiyi owiritsa kwambiri amapereka bulawuni. Chidede chimapereka wofiira wowala, mabulosi akupsa amapereka wapepo, ndipo nkhwani zosinja zimapereka wobiriwira, ngakhale umazilala msanga. Kufinya mabulosiwo pakansalu ndi ntchito ya zala kale, choncho ana azifinya okha.

Burashi ndi kamtengo ka nsungwi kapena ka gwafa kosasantha kunsonga ndi mwala, nthenga ya nkhuku yochapa bwino, chitsononkho, kapena chala chenichenicho. Pepala ndi katoni yopempha kugolosale, kuseri kwa kalendala yakale, kapena makope akale a akulu ake. Pakasowa zonsezi, jambulani nsomba yaikulu pamchenga kuti aidzaze ndi timiyala, kapena mupatseni kachitini ka madzi ndi burashi azipaka pakhonde la simenti. Dzuwa likaumitsa amayambiranso.

Zoti musamale nazo zilipo, ndipo musazipeputse. Dothi litengeni kutali ndi chimbudzi, khola ndi kudzala, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo akamaliza, chifukwa mazira a njoka zam'mimba amakhala m'dothi. Penti yamafuta yotsala popaka zitseko musawapatse. Ina imakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Zakuda za m'mabatire akale zimene ena amadetsera bolodi zisafike m'manja mwa ana. Utomoni wa nkhadze umawotcha maso, ndipo njere za nsatsi ndi poizoni. Chilichonse chimene simungalole kuti chilowe m'kamwa mwa mwana chisakhale utoto wake.

Nanga akamatafuna chekeni?

Wosakwana zaka zitatu azichekenira muli pomwepo, ndipo iyeyo mupatseni chachikulu chonenepa, osati tizidutswa tija, chifukwa tingamutsamwitse. Machekeni opangira ana nthawi zambiri alibe poizoni, choopsa chenicheni ndi kutsamwa. Koma mwana amene amafunafuna dothi, makala kapena choko kuti adye tsiku ndi tsiku, kamuyezetseni magazi, chifukwa nthawi zina ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi.

Wapaka nthochi buluu, mbuzi n'kuipaka chikasu. Ndimuuze kuti walakwitsa?

Mufunseni kaye kuti akuuzeni nkhani ya mbuziyo. Mudzamva zambiri. Mayina a mitundu aphunzitseni pocheza, pamsika kapena pochapa, koma nthawi yochekenira musaisandutse mayeso. Phiri la Mulanje lenilenilo m'mawa limaoneka labuluu, madzulo thanthwe la Chambe limafiira, ndipo chiperoni chikabwera phiri lonse limasowa. Mwana amene walipaka pepo mwina analiona bwino kuposa ife.

Ndimakonda zithunzi za zinthu zimene ana amazidziwa: mkoko wa nthochi, dengu la tiyi, njinga ya kabaza, mtondo ndi munsi, mphika pamafuwa, mkungudza. Simufunika kukhala katswiri. Ikani tsamba la mpeyala kapena chivundikiro cha poto papepala n'kuzunguliza. Mukamachekenira zinthu zakwathu, mawu amabwera okha. Agogo ena anafika tikuchekenira kalongonda, anakhala pansi n'kuyamba kuwauza ana mayina a zinthuzo m'Chilomwe, ndipo tsiku limenelo tinaweruka mochedwa.

Chenjezo limodzi kwa alezi anzanga: zithunzi zojambulidwa kale zisalande malo onse. Tsiku lina mupatseni pepala lopanda kanthu kuti ajambule za m'mutu mwake. Mwana wongodzaza za ena amadzayamba kunena kuti "sinditha kujambula".

Mwana wanga ndi wamanzere. Agogo ake akuti timumange dzanjalo.

Musamumange. Mwa anthu 10 alionse, pafupifupi mmodzi ndi wamanzere, ndipo zimachokera mu ubongo, si mwano kapena kulera koipa. Ana ambiri amasinthasintha manja mpaka zaka zitatu kapena 4, ndipo pofika zaka 5 kapena 6 dzanja lake limakhala litadziwika. Ikani chekeni pakati, kutsogolo kwake, kuti atole yekha ndi dzanja limene akufuna.

Agogo musawanyoze, nkhawa yawo ndi ya ulemu. Afotokozereni modekha kuti kulandira ndi manja awiri, kupereka moni ndi lamanja ndi kudyera limodzi m'mbale mwaulemu mudzamuphunzitsa ndithu, koma pensulo aisiyire dzanja limene lili ndi luso. Mwana wokakamizidwa amalemba mochedwa ndi movutika popanda chimene wapindula. Wamanzere mumukhazike kumapeto a mphasa kumbali ya kumanzere kuti asamagundane zigongono ndi mnzake, ndipo pepala lake lipendekere pang'ono kumanja.

Azichekenira nthawi yaitali bwanji?

Wa zaka ziwiri mphindi zochepa zakwana. Wa zaka 4 kapena 5 akhoza kufika mphindi 10 kapena 15 ngati zikumusangalatsa. Pang'ono tsiku lililonse n'kwabwino kuposa ola lathunthu Loweruka. Akayamba kugwedeza dzanja, kusintha manja kapena kugona papepala, watopa.

Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawaza, zala za ana zimakhala zitakongwa moti sangatsine kanthu. Timayamba ndi kuwomba m'manja ndi nyimbo, kapena kukanda dongo, ndipo mapepala timatulutsa ana atamwa phala. Za phalazi ndinene mosabisa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Mwana wanjala sangakhazikike papepala, ngakhale mutamugulira machekeni a mitundu 24. Ndiye komiti ikamapempha chimanga, soya kapena nsinjiro za phala, dziwani kuti nazonso ndi zipangizo zophunzirira.

Pafoni yanga muli masewera ochekenira. Si chimodzimodzi?

Ayi. Pafoni mwana amagunda kamodzi ndi chala chimodzi, nyumba yonse n'kudzaza yokha mosatayikira. Palibe kutsina, palibe kufinya, palibe pepala loti aligwire. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka ziwiri asamakhale akuonera foni kapena wailesi yakanema, ndipo a zaka ziwiri mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo n'kwabwino koposa.

Wanga ndi mnyamata wojijirika, sakhala pansi. Ndiye kuti watsalira?

Sanatsalire. Kuchekenira ndi njira imodzi chabe, ndipo mudzi wathu uli ndi zambiri. Kusenda nandolo, kuswa mtedza, kutonola chimanga, kusankha nyemba palichero, kuumba ng'ombe zadongo, kuluka mpira wachikulunga, kusewera phada ndi bawo, kumanga mabatani a yunifolomu yake, kutema mbamu yekha m'malo momudyetsa: zonsezi ndi zala zomwezo. Chimene kuchekenira kumawonjezera ndi kuzolowera chida chofanana ndi pensulo ndi kutsata malire ndi diso.

Mwana wotere mujambulireni msewu wokhotakhota pakatoni yaikulu, wochokera ku Luchenza kukafika ku Muloza, chekeni chikhale minibasi imene siyenera kugwera m'ngalande. Abambo, apa ndi panu. Ndaona anyamata amene amakana pepala kusukulu akukhala phee theka la ola chifukwa bambo awo anakhala nawo pamphasa n'kuwajambulira lole.

Ndi liti pamene tiyenera kupita naye kuchipatala?

Pitani ngati mwana wosakwana chaka ndi theka amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chofumbata kapena lolendewera. Kusankha dzanja msanga chotero si kukhala wamanzere kapena wamanja, kungasonyeze kuti mbali inayo ndi yofooka. Pitani ngati wapitirira chaka ndi miyezi ingapo asakutola tinthu ndi zala ziwiri, ngati wafika zaka zitatu asakukhwatcha n'komwe, ngati manja amanjenjemera, kapena ngati zimene ankatha kale zasowa atadwala malungo aakulu kapena atakomoka. Yang'ananinso maso. Mwana amene amagunditsa mphuno papepala kapena kutsinzina diso limodzi, vuto lingakhale la maso osati la zala. Ana achialubino ambiri saona bwino, choncho iwowa ajambulireni mizere yakuda yonenepa papepala loyera, akhale pamthunzi, ndipo aloleni ayandikize pepala momwe akufunira.

Yambirani kwa alangizi a zaumoyo kusikelo, mutatenga kabuku kake. Iwo adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo, ndipo ena amapita ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo. Kukafunika, amatumiza ku Gulupu ku Blantyre. Mafizo amathandiza kwambiri akayamba mwana akadali wamng'ono, choncho musadikire kuti adzaone aphunzitsi a ku pulayimale.

Ndine mlezi mnzanu. Ana ndi ambiri, paketi ya machekeni ndi imodzi. Mumatani?

Sindichekeniritsa onse nthawi imodzi. Ndimagawa ana m'magulu anayi: lina pa machekeni, lina pa dongo, lina pa utoto wa dothi pakhoma la makatoni, lina potunga zitsekerero za mabotolo kapena timapesi pachingwe. Pakapita kanthawi ndimaimba nyimbo, magulu n'kusinthana. Ine ndimakhala pa gulu la machekeni, pansi pamphasa, maso anga ali pa zala osati pa chithunzi. Ndimaona amene akufinya kwambiri, amene dzanja lothandizira lili pamwendo m'malo mogwira pepala, ndi amene akusintha dzanja akafika pakati pa pepala. Tizidutswa timabwerera m'chitini powerenga mokweza, kuti tisathere m'matumba.

Mwana aliyense ndimamusungira mapepala atatu pachaka, la Seputembala, la Januwale ndi la Juni, nditalemba dzina ndi tsiku kuseri. Ndimawaika m'jumbo n'kuwapachika kudenga chifukwa cha chiswe ndi chinyezi. Pa tsiku lotsekera, kholo lija linafunsa za a, e, i, o, u ndimalikhazika pansi, n'kuyala mapepala atatuwo pamphasa motsatana kuti lione lokha.